Dzenje la pa khola la makolo

Atsibweni anga ankalumbira kuti ng'ombe za banja lathu n'zakale ngati mapiri a Ntchisi. Ena m'mudzi ankati bodza, zinabwera dzulodzuloli ndi fodya. Sunali mkangano wa pamowa ayi. Minda inali itachepa, ndipo ambiri ankafuna kuti dambo lodyetsera ziweto ligawidwe likhale madimba. Atsibweni akanaonetsa kuti makolo ankadyetsa ng'ombe pamenepo kuyambira kalekale, mwina dambolo likanapulumuka.

Chaka china, ine nditayamba kale uphunzitsi, kunabwera mayi wa ku yunivesite wofufuza nthawi imene anthu anayamba kuweta. Anatiuza kuti kumaiko akutali, kuzigwa za udzu wokhawokha, amakumba m'makola akale, n'kuyeza mafupa ndi mapale, n'kudziwa zaka zake. Chofunika n'choti dothi likhale mmene linagonera, lakale pansi, latsopano pamwamba.

Atsibweni anavala jekete la kutchalitchi, ngati akukalandira mendulo, ndipo tinamutengera mayiyo pamene panali khola la makolo, kuseri kwa phiri.

Tinapeza chidzenje. Tonse tinkachidziwa, kungoti panalibe amene ankachiona ngati vuto. Feteleza atakwera mtengo, mudzi wonse unkatapa dothi lakuda pamenepo, ndowe za ng'ombe zakale, n'kukathira m'minda ndi m'manazale a fodya. Ngolo yotutira inali ya atsibweni omwewo. Mafupa tinkaponya kutchire, mapale amayi anga ankamwetseramo anapiye.

Mayi uja anatsikiramo, anapalapala m'mbali, n'kutuluka akupukusa mutu.

"Bambo, munakumba mpaka pa katondo. Palibe choti ndiyeze."

"Nanga tikapita kuminda kumene tinathirako, amayi?" anafunsa atsibweni.

"Kumeneko zonse zinasakanikirana."

Atsibweni anakhala pansi ndi jekete lawo lomwelo. "Ndiye kuti umboni wanga ndinaukolola ndekha, n'kuudya."

Madzi akatayika saoleka. Dambo linagawidwa mvula isanagwe. Sindiwada amene analima pamenepo, ana awo amafunanso kudya, koma zimandiwawa mpaka lero. Ng'ombe zinayamba kudya m'mbali mwa msewu, nthiti zili pamtunda, ndipo atsibweni anazigulitsa imodziimodzi kwa abutchala.

Yomaliza itapita, anazula okha mitengo ya khola la pakhomo, n'kupatsa amayi anga kuti ikhale nkhuni. Ndinkawathandiza kunyamula.

"Ana ako usadzawauze kuti tinkaweta," anatero. "Adzakufunsa kuti khola lake linali pati."