Munati ndigwire chitsulo kaye

Alamu, lero mwana wanga wagula khadi yatsopano ya zithunzi yoti aike mu kompyuta yake. Atati ndimugwirireko, ine ndavula nsapato, iye n'kuseka. Sadziwa za tsiku lija ku Chama, kumapeto kwa zaka za m'ma 90, pamene kompyuta imodzi yokhayo ya pa ofesi yathu inayamba kuonetsa mizeremizere. Munapita ku Chipata kukasankha khadi ina, n'kubwera nayo mutaikulunga m'chitenje cha mlongo wanga. Munatseka chitseko n'kunena kuti, "Mlamu, vulani nsapato, mugwire kaye chitsulo cha pawindo. Magetsi a m'thupi mwanu akaiwotcha, tonse ntchito yatithera." Kasikuluu kanandipulumuka n'kugwera m'kati mwa kompyuta. Titayatsa, pagalasi la kompyuta panangoti bii. Ndinamva bondo lanu likugunda tebulo, ndipo ndinadziwa kuti nanunso mukuopa. Kenako zilembo zinatuluka.

Manje mawa akukanding'amba pamimba, m'chipatala chomwe chija munalowa inu osatulukamonso. Chitsulo cha pawindo ndachigwira kawiri konse, alamu.