Mchere m'dimba la mana Lucinda

Amene akuti mana Lucinda ndi chitsiru abwere adzanene pamaso panga, aone. Mayi amenewa, omwe timawatchula mana kutanthauza achemwali, ndinawadziwa tili atsikana ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Titabwerera kuno ku Milange, anakhala zaka akusenza matumba a chimanga ndi nandolo pamalire, mpaka msana unakana. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti akadzasenzanso katundu, adzayenda chokwawa.

Chimene chinawatsalira ndi kadimba ka kukhwawa kamene anasiya mayi awo. Repu, kabichi, basi. Ndiye chaka chino chiperoni chinakhalitsa, kunabuka nkhono zija zopanda chigoba, zoterera ngati mamina. Kukacha, mbande za panazale zatsala timitengo tokhatokha. Anathira phulusa, mvula inatsuka. Anatola ndi manja kudzaza chitini, mawa lake zina zabwera.

Kenaka kunatulukira Pascoal, mlamu wawo wogulitsa mchere pamsika, pakamwa ngati wailesi.

"Alamu, mukuvutikiranji? Taonani izi."

Anatsina mchere n'kuwaza pa nkhono imodzi. Inachita thovu, n'kusungunuka iwo akuona. Munthu wotopa atani? Mana Lucinda anamwaza thumba lonse la mchere m'mabedi.

Nkhono zinafadi. Mbande nazo zinapsa. Dothi linachita mbuu, ndipo atafesanso sipanamere ngakhale chisoso.

Ndinamulondola Pascoal kumsika, anthu anachita kundigwira.

"Iwe fisi iwe, wapha dimba la mayi wamasiye!"

"Aa, mana Benvinda, ine ndinaonetsa pa imodzi yokha. Za dimba lonse sindinanene."

"Nanga thumba lija linakwera lokha panjinga yako?"

Anangoyang'ana kumbali, akuyeza mchere wa munthu wina.

Dzulo ndinatsikira kukhwawa. Ndinawapeza mana Lucinda akupala dothi lamcherelo ndi khasu, kudzaza dengu, nkhata ili kale pamutu. Akuti azikalitaya kumtunda, abweretse lina la pachulu.

"Mana, msana! Mwaiwala zimene ananena kuchipatala?"

"Sindinaiwale, Benvinda. Koma ndikadikira dzinja kuti lindichapire dothi, pakatipa ndidya chiyani?"

Ndinawakalipira mpaka mawu kusasa, ndinawalanda dengulo n'kusenza ndekha. Iwo anangolowa m'nthochi, n'kutulukamo ndi chidebe.

Tinasenza limodzi mpaka dzuwa kupendeka. Pokwera mtunda komaliza ndinaona akukoka mwendo wamanzere, chala chikulemba mzere m'matope. Sanadandaule. Mabedi ambiri akadali oyera, ndipo m'mawa uno ndaona chidebe chija palibe pakhonde pawo, atsikira nachonso kukhwawa.