Mwana Akumvetsera

Mumsewu monse ankamutchula kuti Wailesi, ndipo mwini wake ankayesa kuti ndi ulemu. Anali wometa. Kashopu kake kanali pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira imene masiku ambiri inkangodikira yokha. Munthu akakhala pampandopo, nsalu itamangidwa pakhosi, lumo lili pafupi ndi khutu, akanathawira kuti? Apo m'pamene Wailesi ankatsegula pakamwa. Ndale, mpira, matenda a shuga, ana a masiku ano osadziwa kupereka moni. Wometedwayo ankangoti "mmm," poopa kuti akagwedeza mutu abwerera kwawo ndi khutu limodzi.

Kunyumba kunalibe woti n'kumumanga nsalu pakhosi. Mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankagwira ntchito pachipatala kutauni ina yakutali. Lamlungu lililonse masana Wailesi ankamuimbira foni. Ankayamba bwinobwino ndi "Uli bwanji kumeneko?" koma yankho lisanathe amakhala atalowa kale nkhani ya denga lodontha, kenako malangizo, kenako zimene amayi ake akadanena akadakhala ndi moyo. Mwanayo ankangoti, "Ee, bambo. Chabwino, bambo." Pang'ono ndi pang'ono foni inayamba kumangolira osayankhidwa. Zimenezi zinkamupweteka kwambiri mumtima, ndipo sankaona pamene analakwa.

Chimene chinkamusangalatsako ndi zisudzo. Kumapeto kwa msewu kunali holo yakale yonunkha fumbi, ndipo Loweruka masana gulu lina linkachitamo masewero. Wailesi ankatseka shopu, n'kuvala jekete, n'kukakhala mzere wakutsogolo, mpando wapambali pake ataikapo chipewa. Zaka zinadutsa osaphonya. Ankadziwa pamene anthu aseke ndiponso pamene amayi ayambe kufufuza mipango m'zikwama. Ndiye tsiku lina anadziuza kuti waonera zokwanira, nayenso alembe lake. Chodabwitsa n'chakuti Wailesi yemweyu sakanalola munthu kugwira makina ake ometera chifukwa chongoti wakhalitsa pabenchi akuonerera. Koma pa za sewero anaganiza kuti maso okha akwana.

Sewerolo linali la bambo wokalamba ndi mwana wake wamkazi amene anachoka pakhomo. Mwanayo amabwera kudzacheza, ndipo bamboyo amamufotokozera zonse za kumtima kwake. Cholinga cha Wailesi sichinali chobisika kwa iye mwini. Ankafuna kuti tsiku loonetsa adzaitane mwana wake, adzakhale pampando wa chipewa uja, ndipo kamodzi kokha adzamve nkhani yonse mpaka kumapeto popanda kunena kuti ali pantchito.

Mtsogoleri wa gululo anali mayi wamfupi, mphunzitsi wopuma pantchito, amene onse ankamutchula kuti Anti. Anawerenga mapepala a sewerolo magalasi ali pamphuno, Wailesi ataima pambali ngati munthu wodikira zotsatira za magazi.

"A Wailesi, mawu muli nawo, sinditsutsa," anatero Anti. "Koma munakwerapo pasiteji?"

"Ine? Masewero amene ndaonera ndi ambiri kuposa tsitsi limene ndasesa."

"Sindinafunse za kuonera. Muzibwera poyeserera. Tilibenso wokoka katani."

Anayamba kupita. Ananyamula mipando, anakoka katani molakwika mpaka inakodwa pakati, anagwirizira khoma la katoni kuti lisagwe. Kumbuyo kwa katani kunali dziko lina limene pamzere wakutsogolo silinkaoneka. Anaona kuti chitseko chimene analemba kuti chimenyetsedwe mwaukali chinali cha katoni, ndipo ukachimenyetsa nyumba yonse imagwada. Anaona kuti munthu sangatulukire kumanzere n'kulowera kumanja atasintha kale diresi pa mpweya umodzi. Dalaivala wa minibasi amene ankasewera mbali ya bambo, munthu wa mawu ngati bingu, anafika pakati pa chiganizo china n'kutsamwa.

"Achimwene, anthu anuwa alibe mapapo?" anafunsa dalaivalayo akupuma wefuwefu. "Tiikireni popumira, tingafere pano."

Wailesi anadula chiganizocho akung'ung'udza. Izi zinali zazing'ono, anazilola. Chimene sanalole ndi funso la mayi wina wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu, amene ankasewera mbali ya mwana. Pa gawo lalikulu la sewerolo, pamene bamboyo amakhuthula zonse, Wailesi anali atalembera mwanayo mawu awiri okha m'mphepete mwa pepala: Mwana akumvetsera.

"Bambo Wailesi, pepani," anatero mayiyo. "Nthawi yonse imene awa akulankhulayi, ineyo manjawa ndiziwatani?"

"Muzimvetsera basi. Chovuta n'chiyani pamenepo? Kumvetsera kumafunanso manja?"

Mayiyo anayang'ana Anti. Anti anayang'ana kudenga.

Masana ena mayi wa m'sitoloyo sanabwere, abwana ake anamukaniza kuchoka. Anti anaomba m'manja. "A Wailesi, siyani kataniyo. Kwerani, lero mwanayo ndinu."

"Ine ndi imvi zangazi?"

"Chovuta n'chiyani? Mungomvetsera basi."

Gulu lonse linafa nalo phwete. Wailesi anakwera akuseka nawo, n'kuima pamene panali polembedwa ndi choko. Kutsogolo kwake kunali mipando yopanda anthu, ndipo dzuwa lolowera pawindo losweka linkaonetsa fumbi likuyandama. Dalaivala anakonza kukhosi n'kuyamba.

Poyamba zinkakoma. Anali mawu ake, ndipo pakamwa pa munthu wina ankamveka ngati a munthu wophunzira. Koma posakhalitsa anayamba kumva manja ake. Anawaika m'thumba, zinaoneka zachipongwe. Anawapinda pachifuwa, zinaoneka zamwano. Anawasiya lende, anangolemera. Dalaivala anali akupitabe, za denga lodontha, za mmene anavutikira kulera mwana yekha. Kenako anafika pa mzere umene Wailesi ankaunyadira kwambiri: "Amayi ako akadakhalapo, sukadandisiya ndekha chonchi."

Mawuwo anamulasa. Ataima pamalo a mwana, sanamveke ngati kudandaula kwa kholo, anamveka ngati mlandu. Yankho linakwera lokha kukhosi kwake, lakuti si choncho ayi, nanenso amayiwo ndinawataya. Anatsegula pakamwa, koma dalaivala anali atadutsa kale, ali pa nkhani ina. Wailesi anadikira mpata wina. Unalibe. Anasuzumira papepala ngati kuti sakudziwa zimene analemba yekha, n'kupeza mawu awiri omwe aja. Miyendo inayamba kuwawa. Anazindikira kuti maso ake akhala akuyang'ana chitseko cha katoni chija, ndipo ankalakalaka wina amuitane kunja, kaya kuntchito, kaya kulikonse.

Dalaivala ataima pang'ono kuti ameze malovu, Wailesi anangomva pakamwa pake patuluka mawu otsika, otopa.

"Ee, bambo. Chabwino, bambo."

Anawadziwa mawuwo. Ankawamva Lamlungu lililonse, ndipo zaka zonsezi ankayesa kuti ndi kuvomera.

"Amenewo mulibe m'sewero," anatero Anti ali pansi.

"Ndikudziwa, Anti."

"Koma akhala bwino. Tiwasunge?"

Wailesi anatsika pang'onopang'ono, n'kutenga chipewa chake, n'kutuluka. Aka kanali koyamba kuti anthu a m'gulumo amuone akuchoka pamalo popanda kusiya mawu otsiriza.

Kunyumba anakhala patebulo, pafupi ndi beseni lolandira madzi a denga lija, n'kutenga cholembera kuti amupatse mwana wa m'seweroyo zonena. Anaganiza kuti ndi ntchito yaing'ono. Analemba mzere, n'kuufufuta, chifukwa unali mawu ake omwe atavala diresi. Analembanso wina, chimodzimodzi. Apo m'pamene anachita mantha. Ankadziwa mmene wosoka nsapato amakondera ndevu zake, ankadziwa chipsera chili kuseri kwa khutu la wokonza mafoni, koma sankadziwa chimene mwana wake angayankhe atapatsidwa mpata. Sankadziwa dzina la mnzake ngakhale mmodzi. Sankadziwa ngati amagwira ku ana kapena ku akuluakulu pachipatalapo, ngati chipinda chake chili ndi windo, ngati amalirabe akakumbuka amayi ake. Masewero onse amene anaonera sakanamuuza zimenezi. M'nyumbamo munangoti zii, ndipo anasungulumwa kuposa tsiku limene anabwera kuchokera kumanda kokaika mkazi wake.

Masiku otsatira ometedwa anadabwa kuona kuti wasiya kulongolola. Wina anachita kufunsa ngati magetsi a wailesi azima. Wailesi anangomwetulira, n'kumuweramitsa mutu kuti amete m'khosi.

Lamlungu masana anaimba foni. Inalira nthawi yaitali, mpaka anatsala pang'ono kuiika pansi.

"Halo, bambo." Mawu ake anali a munthu amene waima kale pakhomo. "Ndili ndi kanthawi kochepa."

"Uli bwanji kumeneko, mwana wanga?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Ndili bwino."

Nkhani ya denga inafika pamano. Ya sewero inali pambuyo pake, ikukankha. Wailesi analuma mlomo, dzanja lina atagwira m'mphepete mwa tebulo. Kumene kunali mwanayo kunkamveka anthu akudutsa ndi kangolo kolira mawilo.

"Halo? Bambo? Yaduka?"

"Sinaduke."

"Mukudwala? Ndiuzeni zoona, bambo."

"Sindikudwala ayi. Ndikumvetsera."

Panadutsa kanthawi. Kwa Wailesi kanali kotalika kuposa kamene anaima pasiteji paja, ndipo ankaopa kuti mwina wachedwa, kuti mwina mwanayo zonena zake anazipatsa kale anthu ena.

"Mukufuna ndinene chiyani?" Mawuwo anatuluka motsitsa, ngati akukayika kuti mwina ndi msampha.

"Sindikudziwa, mwana wanga. N'chifukwa chake ndaimba."

Anamumva akupuma. Kangolo kaja kanapita kutali mpaka kanasiya kumveka.

"Dikirani kaye, bambo," anatero mwanayo. "Nditseke chitseko."

Wailesi anadikira.