Nkhungu ya pa Phiri la Zomba Inatenga Mlamu Wanga

Ena akamva nkhaniyi amati ndi nthano, koma anzanga, izi zinachitikadi ine ndilipo, ndipo dzanja limene linamugwira munthuyo ndi lomweli.

Zaka zimenezo njanji inali itangofika kumene ku Nsanje, ndipo ine ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, tinasiya makoka kwathu kwa Mlolo n'kulembedwa ntchito yonyamula machila. Pamodzi ndi anzathu ena tinanyamula mzungu wina ndi mkazi wake, amene anabwera kudzangoona dziko, mpaka ku Zomba. Mzindawo ndi wokongola, sindikana ayi, nyumba za njerwa zotsamira phiri, madzi oyera otsika m'miyala. Koma ife ana a kuchigwa, ozolowera mchenga wowotcha mapazi, tinakapezako chiyani kupatula chisanu?

Tsiku lina mzunguyo anati tikwere pamwamba akaone dzenje lotchuka, limene amati kale ankaponyamo anthu. Mkulu wina wa komweko, amene ankatilondolera njira, anakana, anati mphepo yatembenuka ndipo nkhungu ikubwera, koma ndani akanawamvera? Tinafika masana. Adona aja, mkazi wa mzunguyo, anauza mlamu wanga, uku akuseka, kuti aponyemo mwala waukulu amve pogwera. Anaponya. Sitinamve kanthu.

Posakhalitsa nkhungu inatikuta, moti ngakhale phazi lako osaliona. Mkulu uja anati tikhale pansi, tigwirane manja, ndipo womva kuitana asayankhe. Mlamu ankanjenjemera, mano akuchita kugundana, poti anali ndi kansalu ka m'chiuno kokha. Kenaka kunamveka mawu a mlongo wanga akuitana m'Chisena, ndendende mmene ankaitanira padoko bwato likachedwa. Inenso ndinawamva, ndisakunamizeni. Mlamu anandinong'oneza kuti, "Mlamu, amenewo ndi akunyumba, ndikaone." Ndinamugwira zolimba, koma zala zinali zitauma ndi chisanu, ndipo anandipulumuka m'manja. Sanakuwe n'komwe.

Nkhungu itachoka tinapeza nkhata yake yonyamulira machila yokha m'mphepete mwa dzenjelo. Mzunguyo anavula chipewa kanthawi, kenaka n'kufunsa kuti machila anyamula ndani potsika.

Njira yonse yobwerera ndinkangoganiza kuti mlongo wanga ndikamuyamba bwanji. Ndinamupeza atameta kale tsitsi la maliro. Anati masana ena mwamuna wake anaima pakhomo atanyowa thupi lonse, dzuwa likuswa mtengo, n'kupempha moto, ndipo pobwera ndi chikuni anapeza palibe munthu.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti dzenje lija silinakhute, ndipo limadziwa mawu a kwanu. Mukapita kukaona Zomba, tengani bulangete, yendani m'misewu yake mmene mungafunire. Koma eni phiri akati lero ayi, bwererani. Ndipo nkhungu ikakupezani pamwamba, ngakhale akuitaneni mayi anu okubalani, khalani pansi, musayankhe.