Ampu Ziwiri M'wilibala

Gitala ndinaiphunzira m'kwaya ya tchalitchi chathu ku Nakoli, m'Kabwe, ndili kale mayi wa ana awiri. Zala zinazolowera nyimbo za Misa, koma mtima unali kwina. Ndinakula ndikumva nyimbo zaukali zimene atate ankaika akaweruka kuntchito kunjanji, zija gitala imalira ngati ikung'ambika. Choncho mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, atandiuza kuti bandi yake ya roko ikusowa wa gitala, sindinadikire kuti abwereze. Iye ankamenya ng'oma, mnzake wina ankaimba bezi, ine ndinakhala wachitatu.

Ampu, chokuzira mawu a gitala, ndinalibe. Ndinkabwereka ya kwaya, mpaka akatekisiti anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti chipangizo cha tchalitchi sichingamagone kubala. Sindinawatsutse. Komanso mawu a ampuyo anali ouma, a gitala yoopa anthu.

Mlamu ankafuna kuti ndigule yatsopano m'sitolo m'tauni, yopepuka, ya mabatani ambirimbiri. Ine ndinakana. Ndinali nditamvapo ampu ya mavalavu paukwati wina, ija yokhala ndi timababu tagalasi m'kati toyaka ngati makala. Ikatentha, mawu ake amanenepa. Ukakhudza chingwe pang'ono imanong'ona, ukakanda mwamphamvu imabangula. Ndinkafuna imeneyo basi.

Tinafunsafunsa mpaka tinamva za mdala wina ku Chowa amene ankaimba m'mahotela ali mnyamata. Zala zake zinali zitatupa ndi nyamakazi, ndipo anali ndi ampu ziwiri zotere, yaikulu ndi yaing'ono. Pafoni anandiuza kuti ndifike Loweruka m'mawa, chifukwa tsiku lotsatira kukubwera munthu wa ku Lusaka wogula zinthu zakale.

Tinakwera minibasi, ine ndi gitala kumsana, mlamu ndi ng'oma yaing'ono ndi mbale yake yachitsulo m'chikwama. Ndinamuumiriza kuti azitenge, chifukwa ampu ya roko suyesa payokha, umayesa ikulimbana ndi ng'oma. Titakhota kulowa m'kanjira ka mdalayo, tinangoima. Panyumba yoyandikana ndi yake panali tenti, mipando ya m'nyumba ili panja, amuna atakhala chete, amayi akuimba m'kati. Panali maliro.

Mdalayo anatilandira pakhomo akulankhula motsitsa. "Mwana wanga, waona wekha. Lero sitingalize kanthu pano. Ndingakuyatsireni pang'ono chabe, mumve kuti zimagwira ntchito."

"Atate, ikamanong'ona sindingaidziwe," ndinatero.

"Alamu, tiyeni titenge chabe yaikuluyo," mlamu anandinong'oneza. "Yaikulu ni yaikulu. Mailo wa ku Lusaka akabwera tizapeza zapita."

Ndinamuuza kuti sindigula chinthu chimene sindinachimve. Koma choyamba panali mwambo. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinamanga pamwamba pa thalauza, n'kukalowa m'nyumba ya maliro. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinakhala pansi ndi amayi anzanga. Nyimbo imene ankaimba ndinkaidziwa, ndiye ndinathandiza. Itatha, mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndine wachibale. Ndinamuuza zoona, kuti ndabwera kudzayesa ampu kwa aneba.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Imwe, gitala?" Kenaka anati mwana wake amawotcherera zitsulo kuseri kwa msika, cha kumilu ya mgodi wakale. Kumeneko phokoso ndi chakudya cha tsiku lililonse, ndipo malaiti alipo mpaka masana. "Kamuuzeni kuti amai ako ndiwo atituma."

Mdalayo sanafune kuti tizitengere kumeneko. Anati ampuzo sizinatuluke m'nyumba kwa zaka zambiri, ndipo fumbi la Chowa silikhululuka. Ndinamuuza kuti ndidzazifunditsa ngati ana. Tinabwereka wilibala kwa mayi wogulitsa makala, ndinaipukuta, tinayalamo bulangete lakale. Yaikulu ija tinainyamula awiri, msana wanga n'kumva. Yaing'ono tinaiika pamwamba, ndinavula chitenje changa n'kuphimba zonse.

Podutsa pa tenti mlamu anavula kapu, tinayenda ngati tanyamula mazira. Titapitirira, njira inasanduka mabampu okhaokha. Mlamu ankakankha, ine ndikugwirizira pambali, mdalayo akutsatira ndi ndodo yake.

"Pang'onopang'ono, iwe! Muli galasi mmenemo!"

Mlamu anatopa tisanafike kumsika. Anaika wilibala pansi, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti zonsezi n'zamisala pomwe m'sitolo ampu zili mbwee. Ndinamupatsa gitala, ndinagwira zogwirira, ndinakankha ndekha. Amayi a pamsika anasiya kuwerenga tomato n'kumandiyang'ana.

Wowotcherera uja atamva kuti amai ake ndiwo atituma, anazimitsa makina ake n'kutisonyeza pobayira. Anatichenjeza kuti malaiti atha kupita nthawi iliyonse.

Tinayamba ndi yaikulu. Mdalayo anatiletsa kuigwira mpaka timababu titafiira. Nditangopotokola pang'ono, malata a shedi ananjenjemera. Mawu anali oyera, olimba ngati chitsulo, koma kubangula kumene ndinkafuna kunalibe. Ndinawonjezera. Kubangula kunabwera, koma pamodzi ndi ululu m'makutu. Ndinkaona manja a mlamu akukwera ndi kutsika, ng'oma yake osaimva. Wowotcherera, munthu wozolowera phokoso, anatuluka panja. Mlamu yekha ndiye ankaseka, mano onse poyera.

"Iyi ndiye ampu, alamu!"

Ndinazimitsa, ndinabaya yaing'ono. Inali yosaoneka bwino, nsalu yakutsogolo itang'ambika pakona, chogwirira chitamangidwa ndi waya. Ndinaipotokola mpaka pafupi ndi kumapeto, ndinakanda zingwe. Mawu anatuluka onenepa, aukali, okhala ndi mchenga pang'ono pakhosi. Ndinasiya chingwe chimodzi chikulira, ndipo chinapitirira kulira osafuna kufa. Mlamu analowa ndi ng'oma, ndipo ndinamumva, ndinadzimvanso ndekha. Nditafewetsa dzanja, mawu anayera. Nditakanda, anabangulanso. Ndinaimba mpaka zala zinawawa.

"Ndatenga iyi," ndinatero.

"Pabwalo lalikulu izamira iyo," mlamu anadandaula.

"Bwalo lalikulu tinaimbapo liti? Timaimba m'mabala a denga lofika pamutu. Ikachepa tidzaika maikolofoni patsogolo pake. Nanga chinyumba icho adzachikweza ndani m'minibasi? Iwe amene walephera wilibala?"

Wowotcherera anaseka. Koma mdalayo sanaseke. Anali atakhala pa chitini, akusisita zala zake zotupa.

"Ndimayesa mutenga yaikulu, ngati anyamata onse," anatero. "Yaing'onoyo sindinaganize zoigulitsa. Ndinangoitchula."

Ndinakhala pansi pafupi naye, pa simenti yakuda ndi mafuta. Ndinamuuza kuti ndikumvetsa, koma ikatsala m'nyumba idzangodya fumbi, ndipo wa ku Lusaka sadzaisiya. Akaitenga iye, sadzaimvanso. Ikakhala kwa ine, ili ku Nakoli konkuno, minibasi imodzi kupita m'tauni, ina kufika kwathu.

"Tsiku lililonse mukaifuna, atate, mubwere mudzaimve. Koma ine sindichoka pano popanda iyo."

Mdalayo ali chikhalire, malaiti anapita, ndipo timababu tija tinazima pang'onopang'ono tikuyang'ana.

"Usamainyamule ikadali yotentha," anatero pomaliza. "Uziyamba waidikira izizire."

Tinabweza yaikulu kunyumba kwake, ndipo mlamu anakankha njira yonse osalankhula nane. M'minibasi ampu yanga ndinaiika pamiyendo. Kondakitala ankafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, ndinamuuza kuti ayambe waponya ine.

Tinaimba nayo koyamba Lamlungu lina masana, pabala ina m'tauni, titaika maikolofoni patsogolo pake. Wa bezi anati sanandimvepo ndikuimba chotero. Mlamu sanavomereze kanthu, mpaka lero amati yaikulu ikanatitchukitsa. Mdalayo anabwerapo kangapo. Ankakhala pambali penipeni pa ampu, osayang'ana ife, ndipo tikamaliza ankaika dzanja pamwamba pake kuti aone ngati yazizira ndisanainyamule.

Nyengo ya mvula itatha, kababu kamodzi kanafa. M'Kabwe monse sindinakapeze, ndipo ndinadikira miyezi kuti wina andibweretsere. Amuna anga anati ndiigulitse ndigule ya m'sitolo ija. Ndinaipukuta, ndinaiphimba, ndinaiika pamwamba pa kabati pomwe ana sangafike. Masiku onsewo ndinkayeserera gitala yosabaya, ndili khale pakhonde, mpaka kababu katsopano kanafika m'kabokosi kokulungidwa ndi thonje.