Mayi Ermelinda ndi Dzenje la pa Nsuwa

Ku Moatize amanena kuti Mayi Ermelinda anapenga pa chilumba. Ena, odziyesa achifundo, amati sikunali kupenga koma mowa: akuti munthu wamkulu wosazolowera anamwa botolo limodzi dzuwa likuswa mtengo, mutu n'kuzungulira. Enanso amati ndi kaduka ka anthu akale, amene akaona mnzawo akumanga kanthu amafuna kukagwetsa. Umboni wa onsewa ndi umodzi, kavidiyo ka pa foni kamene kanazungulira tawuni yonse, koonetsa mayi wachikulire atakhala m'dzenje, anthu atamuzinga akuseka. Onsewa akunama, ndipo akunama mwaulesi, pakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzivutitsa kufunsa kuti dzenjelo linakumbidwa pati. Mayi Ermelinda sanalawepo mowa chibadwire, ndipo tsiku limenelo mutu wawo unali bwino kuposa mitu yonse imene inawoloka nawo mtsinje.

Anabadwira ku Zóbuè, m'banja la Akatolika olima nyemba ndi kachewere. Nkhondo itafika anathawira ku Mwanza, m'dziko la Malawi, ndipo kumsasa wa othawa nkhondo n'kumene anakumana ndi Henrique, msodzi wa ku Benga amene ankayenda ngati wosokera chifukwa chosowa mtsinje. Mwana wawo Márcio anabadwira kumsasako. Mtendere utabwera, Henrique sanafune kumva za kumapiri. Anatenga mkazi ndi mwana n'kutsika nawo kwawo, kumene mtsinje wa Revubué umathira madzi ake m'Zambezi.

Pakati pa madziwo pali kachilumba kamene anthu akumeneko amangokatcha Nsuwa. Apongozi aakazi a Ermelinda anawapatsa dimba kumeneko, ndipo mkazi wa kumapiri uja anaphunzira kupalasa bwato, kudzala chimanga m'matope madzi akangobwerera, ndi kutsutsana ndi anthu m'Chinyungwe chosakaniza chimene chinkaseketsa mudzi wonse.

Atakhala pang'ono ku Benga anatenga pathupi kachiwiri. Mimba inakwana miyezi yake, koma mwana anabadwa osalira. Mwana wotere ndi mtayo, ndipo mwambo wake ndi wouma mtima kwa wouona ali kunja. Sapatsidwa dzina, saliridwa, sapita kumanda. Amayi achikulire okhaokha amamunyamula n'kukamuika m'dothi lonyowa la m'mbali mwa madzi, m'dzenje losaya, pokhulupirira kuti akaikidwa pouma, mimba ya mayi wake iumanso. Saikapo mtanda kapena mwala. Mwamuna sauzidwa malowo, ngakhale bambo wa mwanayo. Ndipo nkhaniyi sikambidwa pamaso pa mkazi woyembekezera, kuopa kuti tsokalo lingamve kuitanidwa n'kumutsata.

Márcio, amene anali asanayambe sukulu, anauzidwa kuti amayi ake adwala malungo. Ermelinda atachira n'kubwerera ku dimba, apongozi awo anawaimika pansi pa mtengo wa msikizi wa kumapeto kwa mundawo, n'kuloza pansi ndi mlomo.

“Apa usamalimepo, mwanangu.”

Ermelinda sanalimepo, ndipo sanaberekenso.

Malasha atayamba kukumbidwa, kunabwera anthu a mgodi ovala zisoti zoyera kudzafunsa za manda, kuti asamutse mafupa asanasamutse amoyo. Anasonkhanitsa mudzi, koma mafunso awo onse analunjika kwa amuna. Amunawo anawaonetsa manda a mudzi, mafupa n'kusamutsidwa mwaulemu. Atafunsidwa ngati pa Nsuwa pali manda, anayankha kuti palibe, ndipo sananame, chifukwa sankadziwa. Amayi a m'mudzimo anakhala kumbuyo, maso ali pansi. Aliyense wa iwo ankadziwa mtengo wake, koma akanaunena bwanji pamaso pa amuna a mudzi wonse ndi alendo? Ofunsawo anabwerera atakhutira kuti agwira ntchito yabwino. Kufunsa theka la mudzi n'kumati wamva mudzi wonse si kulakwitsa kwangozi ayi, ndi mwano.

Banjalo linasamutsidwira kumalo ouma, kutali ndi mtsinje, kumene Henrique anakhala pakhonde ndi ukonde wake mpaka anamwalira. Márcio yekha ndiye zinamuyendera. Anakhala woyendetsa galimoto yaikulu yonyamula malasha ku mgodi wa Chipanga, anakwatira Délcia, mtsikana wa ku Kambulatsitsi, n'kupeza nyumba ya malata ku Moatize. Délcia atatenga pathupi, Márcio anakatenga amayi ake kuti adzakhale nawo mpaka mwana abadwe.

Nthawi imeneyo n'kuti chilumba chija chili m'manja mwa Baptista, munthu wamimba yaikulu amene anapuma ntchito kumgodi n'kugula boti la injini. Anamanga baraka pa Nsuwa, kogulitsa mowa ndi nsomba zowotcha, ndipo Loweruka lililonse ankawolotsa mabanja a ogwira ntchito m'migodi kuti akapitidwe mphepo kutali ndi fumbi. Márcio anaganiza kuti awachitire amayi ake chinthu chabwino.

“Amayi, mawa ndikukuperekezani ku dimba lanu. Koma ulendo uno khasu musiye, kuli mipando.”

Ermelinda anavala kapulana, chitenje chawo cha kutchalitchi. Padoko anapeza kuti woyendetsa botilo ndi Amade, mnzake wa malemu Henrique pa usodzi, tsitsi lonse litayera.

“Alamu! Inu pa boti la injini? Kodi si inu munkati bwato losapalasa ndi la alesi?” anatero Amade.

“N'chifukwa chake ndakupezani momwemo, alamu.”

Boti lonse linaseka, ndipo iwonso anaseka. Powoloka anaviika dzanja m'madzi n'kudzipukuta nalo kumaso. Anali asanakhudze Zambezi chisamukire.

Dimba sanalipeze. Pamene pankamera chimanga panali mchenga wosalazidwa, mipando ya pulasitiki ndi zokuzira mawu ziwiri zikugunda mpaka m'chifuwa. Izi sizinawapweteke kwambiri, popeza dimba anali atalilira kalekale. Anasiya ana awo akusankha nsomba, n'kuyenda okha kumapeto kwa chilumba kukaona msikizi. Mtengowo unalipo. Pansi pake panali amuna awiri, wina ndi khasu, wina ndi fosholo, ndipo dzenje lawo linali litafika m'mawondo. Chingwe chimene anakhoma posonyeza malire a dzenjelo chinadutsa pamalo penipeni pamene apongozi awo analoza. Okumbawo anayambira mbali inayo, ndipo apa anali asanafikepo.

“Bambo, mukukumba chiyani pano?”

“Chimbudzi, Amayi. Alendo achuluka, akungoipitsa m'bango.”

“Kakumbeni uko.”

“Uko ndi mchenga, limagumuka. Abwana asankha pano, pali mthunzi.”

Ermelinda sanatsutsane nawo. Anakwinya kapulana, anatsikira m'dzenjemo, n'kukhala pansi msana utatsamira dothi limene linali lisanakumbidwe.

Okumbawo anaitana Baptista. Anabwera akupukuta manja, ndipo kumbuyo kwake kunabwera khamu lonse ndi mabotolo ndi mafoni.

“Azakhali, mwafulumira! Chimbudzicho sichinathe. Mukapanikizika pitani kubango ngati anzanu.”

Anthu anafa nacho chiseko.

“Pano musakumbe,” anatero Ermelinda.

“Chifukwa?”

“Musakumbe basi.”

“Mwakwirirapo golide? Nenani tigawane. Kapena ndi mankhwala? Inu a ku Benga musatilodzere malonda. Malo ano munasamukapo, ndipo amuna anu ananena okha kuti palibe kanthu.”

Márcio anafika akuthamanga, nkhope itagwa. M'khamulo munali anzake a kuntchito, ndiponso kapitawo wake ndi mkazi wake.

“Amayi, tulukani. Mukundichititsa manyazi.”

“Márcio, uwauze akumbe pena. Chilumba n'chachikulu.”

“Ndiwauze kuti chiyani? Nenani chifukwa, ndikumenyerani nkhondo. Koma nenani!”

Apa m'pamene onyoza aja ayenera kutsegula makutu. Ermelinda anali atatsimikiza kunena. Sankaopanso amuna. Apongozi anali atamwalira, mudzi unali utabalalika, ndipo manyazi a mawuwo anali aang'ono poyerekeza ndi chimene chinkabwera pa mwana wawo wa m'dothimo. Anakweza mutu, anatsegula pakamwa kuti anene kuti, mng'ono wako ali pano. Nthawi yomweyo khamu linapatuka, Délcia n'kufika m'mphepete mwa dzenje, akupuma movutikira, dzanja limodzi lili m'chiuno, mimba ya miyezi yomaliza ili patsogolo. Anagwada movutika n'kutambasula dzanja.

“Amayi, mwatani? Ndiuzeni ine.”

Ermelinda anayang'ana mimba ija, ili pafupi ndi nkhope yawo moti akanatha kuikhudza.

“Choka pano, mwanangu. Pita kuboti.”

“Sindichoka mpaka mundiuze.”

“Márcio, mchotse mkazi wako pano!”

“Ine ndichotse mkazi wanga? Wochoka ndinu!”

Munthu angathe kunena, ndipo akhoza kukhala akunena zoona, kuti mawu sapha mwana wa m'mimba. Koma funso si limenelo. Funso n'lakuti mayi amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti amapha, amene anabereka mwana wosalira ndi thupi lake, anayenera kutani pamene mdzukulu wake woyamba anali pomwepo. Anali ndi ana awiri oti awateteze ndi pakamwa pamodzi pokha. Akalankhula, apulumutsa wakufa n'kuika wamoyo pachiswe. Anatseka pakamwa. Amene akuti kumeneku n'kupenga atiuze kuti nzeru zake zikanamuuza chiyani.

Pa amuna onse, Amade yekha ndiye anasiya kuseka. Anayang'ana mtengo, anayang'ana dothi lonyowa, anayang'ana mayiyo, n'kuvula chipewa.

“Abwana,” anatero chapansipansi kwa Baptista, “mkazi wamkulu akakana malo a m'mbali mwa madzi osanena chifukwa, amuna timangosuntha.”

“Iwe ntchito yako ndi injini. Kailize, anthu awa andiwonongera tsiku.”

Amade anayang'ana Délcia, nayenso sanapitirize. Anavala chipewa n'kupita kuboti.

Márcio analumphira m'dzenje, anawagwira amayi ake m'khwapa n'kuwakweza ngati thumba la chimanga. Ermelinda anakakamira muzu wa msikizi mpaka chikhadabo chinathyoka. Sanakuwe, sanatukwane. Márcio anawanyamula kudutsa pakati pa mafoni, akupepesa kwa Baptista ndi kwa kapitawo wake m'Chipwitikizi, kuti munthu akakula mutu umabwerera ku ubwana. Ankaganiza kuti amayi ake sakumva. Anamva. Boti lisanatembenuke bwino, phokoso la khasu linali litayambiranso, ndipo linawatsata pamadzi mpaka injini inalimeza.

Délcia anachira patapita milungu yochepa, mwana wamkazi, wolira mokweza. Ermelinda anamusambitsa, anadikira mpaka mchombo unagwa, kenaka anaitana Márcio kuseri kwa nyumba n'kumuuza zonse, mawu osanjenjemera. Atamaliza anamanga katundu wawo. Márcio anagwada m'fumbi, akulira, akufunsa kuti bwanji sanamunong'oneze.

“Unandipatsa mpata wonong'ona? Iwe unkafuna ndinene pamaso pa akapitawo ako.”

Mawa lake Márcio anawoloka yekha kukaonana ndi Baptista. Baptista anamuuza kuti simenti yauma kale, ndipo ngati panali kanthu bwenzi anthu a mgodi atakapeza.

Lero Mayi Ermelinda ali ku Zóbuè, kwa mchemwali wawo, akulima nyemba. Mdzukulu amapita kukawaona pa tchuthi, ndipo amamukonda kwambiri. Ndi Márcio amalonjerana bwinobwino, koma ku Moatize sanapondekonso. Nkhaniyi anavomera kuti ndiilembe, ati popeza palibenso chimene kukhala chete kwawo kukuteteza. Kavidiyo kaja kakadali m'mafoni a anthu, ndipo pamowa amakaonetsanabe.

Mwezi wathawu ndinawoloka pa boti lomwelo kupita pa Nsuwa. Chimbudzicho chilipo pansi pa msikizi, cha njerwa ndi malata, zitseko ziwiri, ndipo chikugwira ntchito.