Tinakwirira Mtondo wa Amayi Kutsidya kwa Ruo

Kwathu kumunsi kwa Limbuli, kumene mtsinje wa Ruo umalekanitsa Malawi ndi Mozambiki, bwato limagona tsidya limene kuli wodwala. Sindikudziwa amene anayambitsa zimenezi, ndipo ndafunsa anthu ambiri. Chipatala chili mbali yathu ino, ndiye kutsidya kukakhala munthu wodwala kwambiri, kapena mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira, bwato la abale ake limakocheza komweko kuti zikavuta pasakhale kukuwa kuitana wopalasa.

Ine ndinabadwa wofunsafunsa. Malemu amayi ankati ndikhoza kuimitsa nkhuku n'kuifunsa chifukwa chimene imamwera madzi ikuyang'ana kumwamba. Iwo atamwalira, amene anatsala n'kumavutika ndi mafunso anga anali amalume, mchimwene wawo, eni bwato la pabanja pathu. Bwatolo analisema ku mtengo wa mbawa kalekale, mitengo yotere isanathe, ndipo azakhali ankati iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi bwato.

Chaka chimene ndikunenachi, mng'ono wanga ankakhala kutsidya. Kuno tiyi anatipanikiza, minda ndi timagawo, ndiye iye ndi mwamuna wake anakapeza malo kumeneko. Mwamunayo anali atapita ku Joni, iye n'kutsala ndi pakati. Mwana wake woyamba anabadwa ndi opaleshoni, ndipo anamwino anamuuza mosapita m'mbali kuti wachiwiriyu asadzayerekeze n'komwe kuchilira kunyumba.

Mvula inali itagwa masiku angapo osakata pamene amalume anandiwolotsa kuti tikamutenge. Phiri silinkaoneka, mitambo inali italiphimba mpaka m'munsi. Tinamupeza akupala mamba a nsomba pakhonde, mimba ili uko, ndipo anatiseka. Anati mwezi wake sunakwane, komanso mbuzi, nkhuku ndi chimanga cha m'munda azisiyira ndani? Mng'ono wanga akakana chinthu, bola ukanyengerere chitsa.

Amalume anayang'ana kuphiri, n'kuyang'ana bwato lawo. Mbali yathu kuli mkuyu waukulu pagombe lokwera, pamene mabwato onse amamangidwa mtsinje ukafuna kusefukira. Kutsidya kuja n'kwachidikha, ndipo mitengo anthu anaitha polambula minda, kwangotsala nthochi ndi nzimbe.

"Madzi akubwerawa si ocheza nawo," anatero amalume. "Bwatoli likagona kuno, mawa tikalipeza ku Chiromo."

"Ndiye bwererani nalo," anatero mng'ono wanga.

"Ndibwerere nalo iwe uli chonchi? Anthu akandiona bwanji? Mayi ako akandiona bwanji?"

Anakhala pansi ali chinyinyirikire. Ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa kuti bwatolo likapita sadzapezanso lina, koma mafunso anga sanadikire. Bwanji osangolikokera kumtunda? Anati mbawa yonyowa imafuna amuna a mudzi wonse, ndipo ukaikweza, tsiku loifuna msanga uitsitsa ndi ndani? Nanga kukhoma chikhomo? Anatenga mtengo wosongola n'kuubaya pansi, ndipo unalowa ngati m'phala. Anauzula ndi dzanja limodzi n'kundipatsa kuti ndidzionere ndekha. Nanga kumanga kunthochi? Pamenepo anangopukusa mutu.

Kenako anayamba kusimba za unyamata wawo, akugwira ntchito kuesiteti. Anati lole ina inatitimira m'matope pamalo opanda mtengo, ndipo dalaivala anakumba dzenje, n'kukwiriramo tayala atalimanga chingwe, lole n'kudzikoka yokha mpaka kutuluka. Iwo anali asanayesepo zimenezi ndi bwato. Ankangoganiza kuti chinthu cholemera, chokhala ndi pomanga poti chingwe sichingapulumuke, chitakwiriridwa mopingasa, mwina chingagwire. Tinazungulira pakhomo ponse kufunafuna. Mipini inali yaing'ono, chitseko chinali chabango. Kenako tonse atatu maso athu anagwera pa mtondo umene unali pakhonde.

Unali mtondo wa amayi. Unali wakuda ndi manja, wokhala ndi chiuno chopyapyala, ndipo kukamwa kwake kunali mng'alu umene amayi anaumanga ndi waya. Pogawana katundu mtondowo unapita kwa mng'ono wanga, ndipo kunena zoona zinandiwawa, poti wamkulu ndine ndipo ndine amene ndinayamba kusinjamo. Sindinanenepo kanthu nthawi imeneyo, koma ndikabwera kudzacheza ndinkauyang'ana ndi diso la nsanje.

"Umenewo ayi," ndinatero ine.

"Achemwali, mtondowu ndi wanga," anatero mng'ono wanga. "Amalume, tengani."

Tinakumba patsinde pa chulu chimene chinali chapafupi ndi gombe, poti dothi la pachulu ndi lolimba. Amalume ankakumba, ine n'kumachotsa dothi ndi beseni, mvula ikutimenya kumsana. Dzenje litafika m'chiuno anamanga chingwe chanailoni m'chiuno mwa mtondo, n'kuugoneka chopingasa, n'kusema kangalande kopyapyala kolozera kumtsinje kuti chingwe chidutsemo. Ndinafunsa ntchito ya kangalandeko. Anati chingwe chikatulukira pamwamba, bwato likamakoka lizizula mtondo ngati chinangwa, koma chikadzera m'mbali lizikoka chulu chonse. Tinaponyamo miyala, n'kukwirira, n'kupondaponda. Ine ndinkaponda ndikulira, amalume n'kumayesa ndi mvula.

Madzi anafika tsiku lotsatira, ndipo chimene chinandidabwitsa n'choti pamene tinalipo mvula inali itayamba kukata. Anali madzi a kuphiri. Tinayamba kumva mkokomo, kenako fungo la dothi lofukulidwa, kenako mtsinje unasanduka wofiira n'kuyamba kukwera. Unadutsa ndi mitengo yathunthu, nthochi ndi mikoko yake, denga la udzu lili chiimire, ndi nkhumba yakufa miyendo ili m'mwamba. Anthu ena ankati napolo wadutsa. Ine ndinkafunitsitsa kudziwa kuti denga lija linali la ndani, ndipo mpaka lero sindinadziwe.

Ndinkaganiza kuti ukamanga bwato wathana nazo, koma ntchito inali itangoyamba. Madzi akakwera, amalume ankafupikitsa chingwe kuti bwato likhale kuseri kwa chulu, kumene madzi ankangozungulira mofatsa. Likatuluka pang'ono pamenepo, mtsinje unkaligwira kumutu, chingwe n'kuuma gwa mpaka kulira. Ine ndinali ndi nsungwi yokankhira zitsa kuti zisaligunde, komanso chigubu chodula chokapira madzi. Chitsa china chinatiphonya n'kulimenya m'nthiti, ndipo amalume anabuula ngati chamenya iwowo. Nthawi yonseyi maso anga anali pamene chingwe chinalowera pansi, kudikira kuti dothi lituphuke, koma silinasunthe.

M'mawa mwake, mtsinje uli pachimake, mng'ono wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali atagwira khoma ndi manja onse awiri.

"Achemwali, zayamba."

Mvula ikakuona litsiro sikata. Ndinathamangira kuchulu kukawauza amalume, iwo n'kundilozera mtsinje. Panalibe munthu wamoyo akanawoloka pamenepo. Anabaya bango m'mphepete mwa madzi kuti tizionerapo ngati akuphwera, ndipo ine ndinakhala wothamanga pakati pa bango ndi mng'ono wanga. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinakhalepo nawo. Ndinkangoganiza za chipsera cha pamimba pake, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga ndinaopa kufunsa funso.

Dzuwa litapendeka, bango linaonetsa kunyowa pamwamba pa madzi. Ruo amadzaza msanga, amaphweranso msanga. Apa panabuka vuto lina limene sindinaliganizire: madzi akamabwerera, bwato likhoza kutsala pamatope pakati pa chimanga, ndiye kulichotsa pamenepo n'kuiwala. Tinayamba kumasula chingwe pang'onopang'ono, tikulikankha kutsatira madzi, matope akutimeza mpaka m'mawondo. Litafika pagombe amalume anayang'ana mtsinje nthawi yaitali, n'kunena kuti akanakonda kudikira mawa, koma mwana sadziwa mawa.

Tinasiya mwana wamkulu ndi ziweto kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Mng'ono wanga tinamugoneka pakati pa bwato pa chitenje, ine nditamugwira mutu. Amalume anamasula mfundo ya kubwato, chingwe n'kuchiponya pamatope. Za kuwolokako ndimakumbukira zochepa, chifukwa ndinatsinzina. Ndimakumbukira madzi ozizira akulowa pamene chitsa chinamenya, ndi mawu a amalume akulankhula ndi bwato lawo m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira mapemphero ndi mkwiyo. Tinakakocheza kumunsi kwambiri, m'munda wa munthu wosamudziwa, ndipo anyamata a kabaza anatithandiza kufika kumsewu. Madzulo omwewo anamuchita opaleshoni, kunabadwa mwana wamkazi.

Mabwato onse a pamkuyu anapulumuka osakandika n'komwe, ndipo amalume sanalole kuti tiiwale zimenezo. Lawo analimata ndi phula, koma mpaka lero limadontha, ndipo aliyense wokwera amapatsidwa chigubu pamodzi ndi mbiri ya mng'aluwo.

Mvula itayamba kuchepa ndinawoloka ndi khasu. Ndinauza anthu kuti ndikukathandiza kumunda, koma mumtima ndinkafuna mtondo. Ndinkati mwini wake anautaya yekha, ndiye wofukula ndiye mwini. Ndinkafunanso kuona kuti waoneka bwanji pansipo, ngati chingwe chinaudya m'chiuno, ngati waya wa amayi anagwirabe.

Nditafika pachulu ndinapeza chingwe chija chili chouma gwa, ndipo kumapeto kwake kunali bwato lachilendo, laling'ono, lomatidwa ndi malata. Pafupi pake panakhala bambo wina wachikulire amene sindinkamudziwa, atakumbatira nkhafi. Tinapatsana moni. Anati anthu anamuuza kuti pano pali pomanga posazuka, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chili pansipo.

Ndinayang'ana bwato lakelo, ndipo ndinadziwa chimene lagonera tsidya lino.

"Akudwala ndani?" ndinafunsa.

"Mayi a kunyumba," anatero. "Chifuwa."

Ndinamuuza kuti madzi akakwera afupikitse chingwe, bwato likhale kuseri kwa chulu. Kenako ndinanyamula khasu langa n'kupita kukapalira mbatata za mng'ono wanga.